Tifunseni: Kuwerengera kunja kwa koleji

Funso: Ndimaphunzira pa koleji ya aphunzitsi ya Kasungu. Kuhositelo phokoso silitha, ndiye ndapeza kalasi yomwe imakhala yopanda anthu masana pa pulayimale ina yapafupi. Ndingamawerengereko?
Wophunzira, Kasungu

Yankho: Mungathe, koma musangolowa ngati kwanu. Kaonaneni kaye ndi ahedi, muwaonetse chitupa chanu cha kukoleji, mugwirizane masiku ndi maola. Kenako akudziwitseni kwa alonda, chifukwa amene angakuthamangitseni madzulo ndi iwowo.

Nthawi yabwino ndi ana akaweruka, cha m'ma 3 koloko, mpaka 5 koloko. Makalasi ambiri a pulayimale alibe magetsi, ndipo ikamakwana 6 mdima umakhala utalowa kale. Foni mutchajiretu kukoleji. Mu Okutobala ndi Novembala malata amatentha kwambiri, choncho khalani pafupi ndi zenera la kummawa, dzuwa lamadzulo lisakuwombeni, ndipo tengani botolo la madzi. Mvula ikayamba, malata omwewo amasokosa moti kukambirana pagulu sikutheka.

Madesiki ndi a ana, ndi aafupi. Pemphani tebulo ndi mpando wa aphunzitsi, apo ayi msana udzakupwetekani. Pakatha mphindi 45 zilizonse muziimirira.

Chomwe chimadanitsa anthu kawirikawiri ndi bolodi. Musafufute zomwe mwapezapo, mwina ndi ntchito ya mawa ya ana. Funsaninso za kiyi wa chimbudzi, poti masukulu ena amakhoma.

Ngati ndinu mtsikana, tikupempheni ndithu: muzipita awiri, ndipo muzibwerera kukoleji kusanade.