Yankho kwa Tadala pa za nyumba ya ku Santhe

Eee, Tadala, msuweni wanga iwe... ndauona uthenga wako uja. Ndimati ndilembe koma manja ali mu ufa, ndiye ungomvera. Akuluakulu amene muli pagulu pano mundikhululukire, ndichedwapo pang'ono. Amene bandulo ikumuvuta akamvere mawa kuntchito.

Wafunsa kuti... dikira ndiwerenge mmene walembera. "Alipo amene anaitanapo anthu aja amati ma organizer, olongosola katundu m'nyumba? Amatani kwenikweni, nanga amatchaja bwanji? Ndikufuna wina akakonze nyumba ya ku Santhe Khirisimasi isanafike." Hmm. Ya ku Santhe. Osati yako ya ku Area 25 ija, yomwe mlendo amayamba wasuntha nsapato kuti apeze pokhala, ayi. Ya ku Santhe. Chabwino. Ndakumva, mwinanso kuposa mmene umafunira kuti ndikumve.

Ine ndinaitanapo, inde. Chaka chija cha chinkhoswe cha Mphatso, 2023. Mtsikana wina wa ku Lilongwe, ndinamupeza pa Facebook. Mtengo usandifunse, chifukwa ndinalipira mu Ogasiti... ayi, Seputembala, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala muja, ndiye ndalama imeneyo lero ndi ya matemba. Koma kachitidwe kake ndi aka. Amayamba wakuuza kuti jambulani zipinda munditumizire pa WhatsApp, kapena amabwera kudzaona yekha, kenako ndiye amatchula mtengo. Ena amawerengera pa tsiku, ena pa chipinda. Thiransipoti ndi yako. Kuchoka ku Lilongwe kufika kuno ku Kasungu boma ndi makilomita pafupifupi 130, wa ku Santhe akhoza kudzera msewu wa Kasiya, koma wolipira ndiwe ndithu, ndipo ntchito ikakhala ya masiku awiri umuganizire pogona ndi chakudya. Mabasiketi aja, timabokosi toonekera mkati tija mumatisirira pa zithunzi, sizili mu mtengomo, ugula padera. Ndipo usagule iye asanabwere. Ine ndinathamangira mabeseni asanu ndi limodzi, anagwira ntchito awiri okha, enawo akumwera nkhuku. Ndalama upereke theka poyamba, theka akamaliza.

China, si wantchito wa m'nyumba. Sakolopa, sachapa makatani. Ine ndinamupatsa tsache, anandiyang'ana ngati ndamutukwanira makolo, hahaha. Iye ntchito yake... iwe Yamikani, tseka chitseko icho! Pepani. Ntchito yake amatulutsa zonse. Zonse. Chipinda changa chosungira katundu chija anachikhuthulira pakhonde, mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati tikusamuka. Majumbo okhala m'majumbo anzawo, zigubu za mafuta ophikira 23, ndinachita kuwerenga ndekha, zivindikiro zopanda mapoto, mapoto opanda zivindikiro, lamba wa makina osokera amene makinawo tinagulitsa kalekale. Pofika masana pakhomo pamaoneka poipa kuposa poyamba, umayamba kudzifunsa kuti ndaziyambiranji. Kenako amaunjika milu: izi zotsala, izi zopatsa anthu, izi zogulitsa, izi zotaya. Ndipo chilichonse amachinyamula m'mwamba n'kukufunsa, "Ichi munachigwiritsa ntchito liti komaliza?" Iwe uyankhe. Chimodzichimodzi, kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Ndinatopa ngati ndapalira ekala, chonsecho ndinangokhala pampando.

Kunena chilungamo anandithandiza. Zomwe ndimagwira tsiku lililonse anaziika pofikira dzanja, za pa ukwati ndi pa maliro m'mwamba, matumba a chimanga anawakweza pa matabwa kuti asagunde khoma. Zinakhala choncho miyezi itatu, kenako bambo a kuno anabwera ndi zitsulo zawo za njinga yamoto, basi. Ukumbukirenso kumukaniza zithunzi. Amakonda kujambula nyumba isanakonzedwe ndi itakonzedwa n'kuika pa tsamba lawo, ukapanda kunena, manyazi ako aonedwa ndi Malawi yense.

Eya. Koma ndisanapitirize... mukuwakumbuka amalume aakulu, a Joni? Kwa iwe abambo aakulu. Iwe unali ukuyamwa chala nthawi imeneyo, makamaka chala cha kuphazi, koma tisiye. Thiranki yawo yobiriwira ija mukuikumbuka?

Anapita ndi Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, ali kamnyamata, anabwerako itagwa ndege ija ku Francistown mu 1974, ija inapha anthu athu oposa 70, Kamuzu n'kukwiya, n'kuletsa ulendo wa ku migodi. Atatsegulanso, nthawi ya Theba, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, anabwereranso, mpaka 1988 pomwe njira inatsekekeratu. Ndiye m'thirankimo munali Joni yense. Chipewa cha mu mgodi, majombo, bulangete lija lolemera ngati thole, wotchi yoima yomwe amavala popita kutchalitchi, munthu akawafunsa nthawi amayang'ana dzuwa. Ndi mapepala. Akamwa kachasu... ayi, tisawanamizire malemu, anali masese. Akamwa masese amakhala pa thirankipo n'kumatikalipira m'chilankhulo cha ku mgodi, "Ini wena funa?" ife n'kumathawa tikuseka. Kiyi amamangirira m'chiuno ndi chingwe cha nsapato. Ngakhale posamba.

Ndili Fomu 2, pa holide, anawagoneka kuchipatala ku boma ndi chifuwa chija. Agogo anati, "Iwe, kasese m'nyumba mwa atsibweni ako, akamabwera adzapeze mwabwino." Kusesa basi, ndi zomwe anandituma. Ndikukutumula mphasa, kiyi uja gwee pansi. Ine ndi nzeru za kusekondale, ndinati lero aona ukhondo. Ndinatsegula. Fungo la mankhwala a njenjete losakanikirana ndi fodya, mpaka lero ndikalimva ndimaima. Pansi pa thiranki dzimbiri linali litaboola, chiswe chitalowa pang'ono pakona, mapepala awiri atatu apansi atasanduka dothi. Ndinati basi, zonsezi ndi zinyalala. Ndinasankha zomwe ine ndimaona kuti n'zabwino. Jekete, chipewa, wotchi, ndi ndalama za mutu wa Kamuzu zomwe zinali zitasiya kale kuyenda, zimenezo ndiye ndinazipukuta n'kuzisunga bwinobwino, tangoganizani! Mapepala onse, kaya makhadi a chipani, kaya makontirakiti, kaya makalata, ndinakataya kudzala n'kuyatsa. Ndinazira pansi, ndinayala bedi, ndinaika maluwa m'chitini. Ndinkadikira kuyamikiridwa.

Atabwera... eee. Sanakalipe. Bola akanandimenya. Anatsegula, anayang'ana, anatseka. Anakhala pamwamba pake. Kenako anayamba kutchula nambala yawo ya ku mgodi, pang'onopang'ono, kawiri, ngati mwana woloweza vesi la ku Sande sukulu, kuchita ngati akuopa kuti nayonso ingapse. Patapita zaka, itamveka pa wailesi nkhani yoti amene anagwira ku migodi akalembetse, mwina kuli kangachepe, anzawo a kwa Chulu ananyamula mapepala m'majumbo kukakwera matola. Iwo anangokhala pansi pa mango paja. Nonse mumadziwa kuti mapepala a amalume anadyedwa ndi chiswe, si choncho? Eya. Chiswe chake ndine. Agogo ndi amene anaikulitsa nkhani ya chisweyo kuti andiphimbe. Amayi, ngati mukumvera, ndaulula, zaka zakwana.

Koma chomwe chinandilasa si chimenecho. Tsiku lina ndikuwapititsira madzi kubafa, anandifunsa motsitsa mawu, "Chithunzi chija unachiona?" Chinali cha ku situdiyo, iwo ndi mnzawo wa kwa Wimbe amene anatchona, sanabwerenso. Chinali chitafufuma ndi chinyezi, nkhope zosaoneka n'komwe, kwa ine chinali chikatoni chabe. Za ndalama za ku mgodi sanandifunsepo mpaka tinawaika. Anafunsa chithunzi.

Hmm.

Ndiye Tadala... ndazungulira, ndikudziwa, uli apo ukuti mayi uyu ndi nkhani zake. Tamvera. Iwe sukufuna munthu wolongosola nyumba ya ku Santhe. Nyumba ija azakhali amaisesa kawiri pa tsiku, mbale zimachita kufola pa thandala. Iwe ukunena chipinda cha bambo ako. Chija chakhala chotseka chichitikireni maliro. Jekete ili pa msomali kuseri kwa chitseko, njinga yatsamira khoma matayala ataphwa, mapepala a ku okushoni ya fodya ya Chinkhoma ali m'katoni kuyambira kaya liti, wailesi ya Nzeru yosalira ija ili pawindo. Ukufuna alamu athu ndi ana akabwera pa Khirisimasi adzapeze pogona, n'zomveka, sindikukudzudzula. Koma unayesa pa Isitala, munasemphana, unabwerera ku Lilongwe osatsanzika bwino, tonse tinamva. Ndiye wati ndilipire mlendo akanene zomwe ine zikundikanika kunena. Mlendo sangakunenere zimenezo. Mtsikana uja amanyamula chinthu n'kufunsa mwiniwake. Mwiniwake wa jekete ija pano ndani? Si iwe. Ngakhale lamulo lija la chuma cha masiye la 2011 limati katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi wamasiye. Wodziwa ntchito yake akafika n'kupeza kuti mayi sakufuna, abwerera, ya thiransipoti yako yapita. Woopsa ndi amene angamvere iwe wolipirawe, n'kudikira mayi apite ku Chigwirizano, n'kuchita zomwe ndinachita ine.

Uyambe ndi mayi ako. Pita wekha, amuna ako uwasiye, ndipo osati zoimba pa kafoni ka mabatani kaja komwe amangoti "eya, eya" kwinaku misozi ikutsika. Ukagone masiku awiri. Usakanene kuti tichotse. Ukanene kuti amayi, tiyeni tione ngati chiswe sichinalowe, ndipo si bodza, mvula ili pafupi. Muyambe ndi katoni ya mapepala. A munda, a puloti, a kubanki, mtchatho wa ukwati, mabuku a kuchipatala, zonsezo mu fayilo ya pulasitiki. Usataye ngakhale lisiti limodzi tsiku limenelo, ngakhale la mchere. Akati lero basi, ndiye kuti basi. Tsiku lomwe adzanene okha kuti malaya awa apatseni auje, pamenepo ndiye ungaitane wa mabasiketi wakoyo, ndipo mayi adzakhale pampando pomwepo, oyankha akhale iwo. Mwinanso adzayambire kukhitchini kuti amuzolowere kaye.

Ana adzagona pabalaza, pamphasa. Ife tinakulira pomwepo, ona mmene tanenepera. Alamu athu ndi msana wawo wa mu ofesi uja tiwabwereka matiresi kuno, hahaha, usawauze kuti ndatero. Ayi, ali pagulu pano eti? Alamu, moni.

Ndiye wamva, msuweni? Nambala ya mtsikana uja ndili nayo, ndidzakutumizira kumbali, koma osati lero. Uyambe wakakhala pansi ndi mayi ako, ukadzandiuza kuti avomera okha ndi pakamwa pawo, ndiye ndidzakupatsa. Loweruka ine ndikwera ya ku Santhe ndikawaone. Za chipinda sindikatchula, ndikangomwa tiyi. Unditumizire ya shuga ndi buledi pa Mpamba, ndipo usadzandiuze zoti netiweki inavuta.