Funsani Makaniko: HiAce yogonamo yakana kulira pa phiri

Funso: Bambo Makaniko, ndili ndi Toyota HiAce ya dizilo. Ndinachotsamo mipando n'kuikamo bedi, thanki ya madzi ndi chitofu cha gasi, ndipo ndimatengera alendo ku Liwonde ndi pa phiri pathu pano. Mu June tinagona kufupi ndi damu la Mulunguzi, m'mawa galimoto inakana kulira mpaka anyamata ogulitsa zipatso anachita kutikankha. Mwana wanga wawerenga pa intaneti kuti chisanu chisanafike ndizikhuthula madzi onse m'mapaipi. Nditero kodi?
Wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba

Yankho: Achimwene, zimene wawerenga mwanayo n'zoona, koma n'za ku Canada ndi ku Germany. Kumeneko madzi amaundana m'paipi, nafufuma, paipi n'kuphulika. Kuno, ngakhale phiri lathu limapitirira pang'ono mamita 2,000, chiperoni chimangotilowa m'mafupa, paipi sichiswa. Thankiyo muzikhuthula ndithu galimoto ikamaima nthawi yaitali, koma chifukwa chake n'chakuti madzi okhalitsa amachita ndere ndi fungo.

Chimene chinakuchititsani manyazi ku Mulunguzi ndikuganiza kuti ndi batire. Batire ikazizidwa imafooka, pomwe injini ya dizilo yozizira imafuna mphamvu zambiri kuti izungulire. Onjezanipo kuti alendo anu anachezera kuyatsa magetsi ndi kutchaja mafoni pa batire yomweyo. Ipimitseni: yodzaza bwino imaonetsa ma volt (muyeso wa mphamvu ya magetsi) 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikamalira ionetse pafupifupi 14. Mitu yake ikachita zoyerayera, itsukeni ndi madzi ofunda a soda, muimange zolimba. Koma mankhwala enieni ndi batire yachiwiri, ya m'nyumbamo yokha, yosakhudzana ndi yolizira. Ndinaikira mlamu wanga yotere, kuyambira pamenepo anasiya kundiimbira foni mbandakucha.

Batire ikapezeka ili bwino, aone ma glow plug, aja amatenthetsa injini isanalire. Imodzi ikafa, galimoto imalira monyinyirika n'kutulutsa utsi woyera. Inunso muzidikira kagetsi ka ma glow plug ka pa dashibodi kazime kaye musanapotoze kiyi. Ambiri timapupuluma.

Mdani wamkulu wa galimoto yogonamo kuno ku Zomba ndi chinyezi. Anthu awiri akagona atatseka mawindo onse, mpweya wawo umasanduka madontho pa zitsulo, n'kutsikira kuseri kwa matabwa komwe simuona. Matiresi amachita chuku, pansi pamadyeka ndi dzimbiri. Muzisiya kampata pa windo, matiresi muziwayanika mukabwerako. Mvula ya November isanayambe, wina akhale m'kati inu mukuthira madzi pa denga, muone podontha. Kawirikawiri ndi pa mphira za mawindo ndi pomwe munaboola pomanga keriyala.

Apa ndinene mokweza: mbaula isalowe m'galimoto, ngakhale kuzizire chotani. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha, wosaoneka, umene umapha munthu ali m'tulo. Chitofu cha gasi nachonso si chowothera. Phikani chitseko chili chotsegula, mukatha tsekani gasi pa botolo penipeni. Gulirani alendo mabulangete.

Simunafunse za mabuleki, koma ndine mkulu wolongolola. Bedi, thanki ndi katundu zalemeretsa galimotoyo. Lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Potsika kuchoka Ku Chawe ikani giya yachiwiri, injini izikugwirirani. Mukaponda buleki njira yonse, imatentha, mafuta ake amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi, choncho asintheni zaka ziwiri zilizonse. M'rediyeta namo musamathire madzi a pa mpopi okhaokha. Coolant, mankhwala a m'rediyeta aja, amateteza ku dzimbiri.

Mukaimika galimotoyo masabata angapo, sesanimo nyenyeswa zonse za chakudya. Makoswe akalowa, amayamba ndi buledi, amalizira mawaya.