Ekron: mzinda wa Afilisti umene Yuda ndi Dani ankauwerengera kuti ndi wawo

Bambo wina amene amaphunzitsa Sande sukulu watilembera imelo kufunsa kuti: "Yoswa 15:45 akupereka Ekron kwa fuko la Yuda, koma Yoswa 19:43 akuupereka kwa Dani. Nanga eni ake anali ndani, ndipo kodi mzindawu unalikodi?"

Bambo, eni ake anali Afilisti. Maina a m'machaputala amenewo akusonyeza malo ogawidwa, osati malo amene Aisraeli anali atakhalamo kale. Yoswa 13:3 yemweyo akuika Ekron pa dziko lotsala kulandidwa, pamodzi ndi Gaza, Ashdod, Ashkelon ndi Gath. Pa mizinda isanuyi, Ekron ndiwo unali kumpoto kwenikweni, m'malire, n'chifukwa chake mafuko awiri onse ankauloza.

Kukhala kwake m'malire kukuonekanso pa 1 Samueli 5 ndi 6. Likasa la Chipangano, limene Afilisti analanda kwa Aisraeli, litasautsa anthu ku Ashdod ndi ku Gath, analikankhira ku Ekron, ndipo anthu ake analira kuti awabweretsera imfa. Polibweza kwa Aisraeli, Afilisti analikweza pa ngolo yatsopano yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri zoyamwitsa, ana a ng'ombezo atawatsekera m'khola. Mayeso ake anali pomwepo: ng'ombe yoyamwitsa imathamangira kwa mwana wake, koma izi zinalunjika ku Beth Shemesh. Pa 2 Mafumu 1, mfumu Ahaziya atagwa kuchokera m'chipinda chapamwamba anatuma anthu kukafunsira kwa Baal Zebub, mulungu wa ku Ekron, mpaka Eliya anawabweza panjira.

Malo ake lero ndi Tel Miqne, pafupifupi makilomita 35 kumadzulo kwa Jerusalem. Trude Dothan ndi Seymour Gitin anatsogolera ntchito yofukula kuyambira 1981 mpaka 1996. M'chaka chomalizacho anapeza mwala wa mizere isanu wotchula Achish mwana wa Padi, wolamulira Ekron. Mwayi wotere ngosowa, chifukwa mabwinja ambiri sadzitchula okha dzina. Padi ameneyu alinso m'zolemba za Sennacherib wa ku Assyria: anthu ake anam'pereka kwa Hezekiya, koma mu 701 BC Sennacherib anam'bwezera pampando.

Chimene Baibulo silinena ndi chuma cha mzindawu. Ofukula anapeza malo 115 oyengera mafuta a azitona a m'zaka za m'ma 600 BC. Pakati pankakhala mwala wosemedwa ngati beseni mophwanyiramo zipatsozo, uku ndi uku zoponderamo ziwiri. Zophwanyazo ankaziika m'madengu osanjikiza, n'kuzipanikiza ndi mtanda womangiriridwa miyala yolemera, mutu wina wa mtandawo utalowa m'khoma.

Mukamaphunzitsa, musasakanize Achish uyu ndi Achish mfumu ya Gath amene Davide anathawirako, popeza pakati pawo pali zaka pafupifupi 300. Nebuchadnezzar wa ku Babylon anawononga Ekron cha mu 604 BC, ndipo mzindawu sunabwererenso mwakale.