Kodi PHP yakale ndi yatsopano zingakhale pa kompyuta imodzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Monkey Bay amene amasamalira makompyuta pa malo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja. Iwo akuti pulogalamu yolembera alendo inapangidwa pa PHP 5.6 (PHP ndi chinenero cholembera mapulogalamu a pa webusaiti), ndipo atayika XAMPP yatsopano ya PHP 8 (XAMPP ndi phukusi loika PHP, seva ndi database pa kompyuta pamodzi), pulogalamuyo inakana kutseguka, n'kungotulutsa uthenga wonena za mysql_connect. Akufunsa ngati angasunge zonse ziwiri pa laputopu imodzi.

N'zotheka ndithu, bambo, koma muyambe mwadziwa gwero la vutolo. Malamulo onse oyamba ndi mysql_ anachotsedwa mu PHP 7.0, imene inatuluka mu Disembala 2015, choncho PHP ya pa seva yatsopanoyo siwamvanso.

Ikani XAMPP yakale m'foda yakeyake, mwachitsanzo C:\xampp56, ndipo yatsopanoyo muisiye mu C:\xampp. Chimene chimakanganitsa maseva awiri ndi nambala ya port, khomo limene seva imalandirira mauthenga, chifukwa Apache (seva ya masamba) aliyense amafuna 80 ndipo MySQL (seva ya database) aliyense amafuna 3306, ndiye amene wadzuka mochedwa amapeza malo atatengedwa, n'kuzima. Tsegulani httpd.conf ya yakaleyo, musinthe mzere wa Listen 80 ukhale Listen 8080, kenako mu my.ini musinthe 3306 ikhale 3307 paliponse pamene yalembedwa. Ambiri amathera pomwepa n'kudabwa kuti Apache akukanabe kudzuka, osadziwa kuti mu httpd-ssl.conf mulinso 443, imene iyenera kusinthidwa, tinene kuti 8443. Muuzenso phpMyAdmin, chida choyang'anira database, za 3307 mu config.inc.php, komanso fayilo imene pulogalamu yanu imalumikizirana ndi database. Mukatero, pulogalamu yakale mudzaipeza pa localhost:8080.

Musachonge kabokosi ka Service m'ma control panel onse awiri, chifukwa Windows idzalemba maseva a XAMPP zonse ziwiri pa mayina ofanana. Muziwadzutsa pamanja.

Pali chinthu china chimene ndinachiphunzira movutikira kuno ku boma la Mangochi. Tsiku lina, chifukwa cha changu, ndinakopera foda ya mysql\data kuchoka mu XAMPP yakale kupita m'yatsopano, poganiza kuti ndadula njira. MySQL inangoyaka n'kuzima, matebulo osaoneka, ndipo usiku wonse unathera pa ntchito yobweza zinthu m'malo. Database imasamutsidwa ndi Export ya mu phpMyAdmin kapena ndi mysqldump, basi.

Ena angakuuzeni za Docker, imene imayendetsa seva iliyonse m'bokosi lakelake, ndipo sindikutsutsa kuti ndi njira yaukhondo, koma mafayilo ake ndi aakulu ndipo amadya bandulo, pamene ntchito yanu ikungofuna manambala atatu osinthidwa.

Chimene sindingavomereze ndicho kuika PHP 5.6 pa intaneti, pakuti anasiya kuikonza za chitetezo kumapeto kwa 2018, ndipo m'pulogalamu yanu muli mayina ndi manambala a foni a alendo. Ikhale pa laputopu pokha, ngati poyerekezera. Kuti pulogalamuyo isamukire ku PHP 8, tsegulani tsamba limodzimodzilo pa 8080 ndi pa 80, musinthe malamulo a mysql_ akhale a mysqli kapena PDO (njira zolumikizira database zimene PHP 8 imazimva) fayilo imodzi pa nthawi, ndipo muyang'anenso each(), imene inachotsedwa mu PHP 8.0. Muyambire pa tsamba lolowera, poti ndi pamene pamalembedwa mapasiwedi.