Kodi Tonkinese ndi anthu kapena amphaka?

Funso: Ndimagwira ntchito pamalo ena ogona alendo ku Cape Maclear. Mlendo wina anandionetsa pafoni chithunzi cha mphaka wake n'kunena kuti ndi wa mtundu wa Tonkinese, koma mwana wanga wa Fomu 4 akulimbikira kuti dzinali ndi la anthu a ku Vietnam. Akunena zoona ndani? Ndine bambo wa m'mudzi wa Chembe, ku Mangochi.

Yankho: Bambo, palibe akunama pa awiriwa, koma eniake dzina ndi anthuwo, mphaka anachita kubwereka.

M'chaka cha 1430 mfumu Lê Lợi inatcha mzinda umene lero ndi Hanoi kuti Đông Kinh, kutanthauza likulu la kum'mawa. Amalonda a ku Ulaya dzinali linawavuta pakamwa, n'kumangoti Tonkin, ndipo anayamba kutchula choncho dera lonse la kumpoto kwa Vietnam, kumene mtsinje wa Hồng umathirira minda ya mpunga. Afalansa atamaliza kulanda dzikolo m'zaka za m'ma 1880, ankalilamulira m'zigawo zitatu, Tonkin kumpoto, Annam pakati ndi Cochinchina kumwera, motero anthu a kumpotowo ankalembedwa m'mabuku a atsamunda kuti Tonkinese. Masiku ano dzinali silimveka kawirikawiri pa anthu, monga mmenenso inu simunganenere kuti mukupita ku Fort Johnston pamene mukukwera matola a ku Mangochi boma. Latsalira pa nyanja ya Gulf of Tonkin, kumene mkangano wa sitima zankhondo mu Ogasiti 1964 unapatsa America chifukwa chokulitsira nkhondo ya ku Vietnam.

Mphakayo mtundu wake sunachokere ku Tonkin ayi. Oweta amphaka a ku Canada ndi America anaupeza m'zaka za m'ma 1960 pokweretsa amphaka a Siamese ndi a Burmese, amene mayina awo amaloza ku Thailand ndi Myanmar, ndipo bungwe la Canadian Cat Association linauvomereza mu 1971. Ngati mlendoyo akadalipo, mum'pemphe akulitse chithunzicho kuti muone maso: ambiri amakhala obiriwira motuwa ngati madzi a pa chilumba cha Thumbi kukacha bwino, ndipo makutu, nkhope, miyendo ndi mchira zimaderako kuposa thupi. Chodabwitsa n'chakuti awiri otere akaberekana, pafupifupi theka lokha la ana ndi limene limatengera maonekedwe amenewa. Ena amafanana ndi Siamese, ena Burmese.

Ine ndikuona kuti owetawo ankangofuna dzina lomveka la ku Asia loyandikana ndi Siam ndi Burma, osalabadira mapu. Ifenso sitingawaseke kwambiri, pakuti nkhuku zakuda zija timazitcha za Mikolongwe, malo a ku Chiradzulu kumene boma linkaziswetsa, kwawo kwenikweni ndi ku Australia.