Malikisi Apite pa Yankho Kapena pa Njira?

Mphunzitsi wina amene akukonza mpikisano wa sayansi wa ophunzira a sekondale watilembera pa imelo kuti: "Mwana wina wapeza yankho lolondola koma sanaonetse mmene walipezera. Mnzake njira yonse ili bwino, wangophonya nambala yomaliza. Ndichonge bwanji kuti pasakhale kukondera?"

Aphunzitsi, malikisi ambiri ayenera kupita pa njira, chifukwa mpikisano wotere umayesa kaganizidwe ka mwana. Nambala yokha akhoza kuonera kwa mnzake kapena kungoilota.

Ntchitoyi imayamba mpikisano usanachitike. Yankhani funso lililonse nokha, muligawe m'masitepe, sitepe iliyonse ikhale ndi malikisi ake. Tiyerekeze funso ili: mwala wagwa kuchokera pamwamba pa mamita 20, g (mlingo wa mmene liwiro la chinthu chogwa limawonjezekera chifukwa cha mphamvu yokoka ya dziko) ndi 10 m/s², pezani nthawi imene watenga ndi liwiro lake pofika pansi. Pa malikisi 10, perekani 3 posankha h = ½gt² (h ndi mtunda umene mwala wagwa, t ndi nthawi), 2 pofika pa t² = 2h/g, 1 popeza masekondi 2, 2 pogwiritsa ntchito v = gt (v ndi liwiro), 1 popeza 20, ndi 1 polemba m/s. Amene wangolemba "2 s, 20 m/s" apeza 3 basi. Koma papepala la mafunso mulembe momveka kuti njira yonse ioneke, apo ayi mwamulakwira.

Pamene ochonga ambiri amasokonezeka ndi apa. Mwana wafika pa t² = 4 koma waiwala kutenga square root, walemba t = 4, kenako v = 10 × 4 = 40 m/s. Mayankho onse awiri ndi olakwika, koma walakwitsa pamodzi pokha. Gawo lachiwiri walichita bwinobwino ndi nambala imene anali nayo, choncho apeze 9. Kumuchotsera kawiri ndi kumulanga kawiri pa mlandu umodzi, ndipo zimenezi zimafooketsa ana oganiza bwino. Chifundochi chili ndi malire: ngati cholakwacho chachititsa funso kukhala losavuta, kapena chatulutsa zosatheka, monga mwala wothamanga kuposa kuwala, mwana n'kungosiya osazindikira, malikisi otsatirawo asaperekedwe.

Wina adzadutsa njira ina, kupeza liwiro poyamba ndi v = √(2gh), kenako nthawi ndi t = v/g. Imeneyi ndi sayansi yolondola, apatsidwe onse 10 ngakhale ndondomeko yanu sinayilembe. N'chifukwa chake ndi bwino kuyesa ndondomekoyo pa mapepala khumi oyamba, kuikonza, kenako n'kuyambiranso kuchonga kuchokera pa pepala loyamba.

Mapepala akhale ndi manambala m'malo mwa mayina ndi masukulu. Wochonga atenge funso limodzi pa mapepala onse, asatenge mapepala ochepa n'kuchonga mafunso onse, chifukwa ena dzanja lawo ndi lolimba, ena lofewa. Ngati anthu alipo okwanira, awiri achonge funso lomwelo payekhapayekha, ndipo akasiyana ndi malikisi oposa 1 akambirane.

International Physics Olympiad, mpikisano wa fizikisi wa ophunzira a sekondale a mayiko osiyanasiyana umene unayamba mu 1967 ku Warsaw, umapereka malikisi 30 pa mafunso olemba ndi 20 pa ntchito ya mu labu. Kumeneko atsogoleri a timu ya dziko lililonse amalandira makope a mapepala a ana awo, amachonga paokha, kenako amakumana ndi okonza mpikisano kukambirana pamene asiyana. Inunso patulani ola limodzi loti aphunzitsi aone mapepala a ana awo musanalengeze zotsatira. Lamulo losiyanitsira ana ofanana malikisi, mwachitsanzo kuona amene wapeza ambiri pa funso lovuta kwambiri, lilengezedwe mpikisano usanayambe.