Anzanu akuti Shakhtar ilibe kwawo?

Achimwene ena andilembera pa imelo kuti anzawo kuntchito amawaseka chifukwa chochemerera Shakhtar Donetsk, timu ya mpira ya ku Ukraine, ati ndi timu yongoyendayenda yopanda kwawo. Akufunsa ngati aisiye. Ndawerenga kalatayi mtima ukundiwawa.

Timuyi inayamba mu 1936, mzinda wa Donetsk ukutchedwa Stalino, ndipo inali ya anthu okumba malasha. Mpaka lero pa chizindikiro chake pali nyundo ziwiri zopingasa. Ineyo nkhani ya migodi imandikhudza. Agogo anga aamuna anakagwira ntchito ku Joni nthawi ya Wenela, nabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Ndimawaona atakhala pakhonde, wailesi ili pa bondo, akutsokomola, koma mpira ukangoyamba panalibe wololedwa kuyankhula, ngakhale agogo aakazi. Ankati kumgodi munthu umaitanidwa ndi nambala, koma Lamlungu pa bwalo la mpira anzako amakuitana ndi dzina lako. Ndiye wina akamanyoza timu ya anthu a m'migodi, ndimamva ngati akunyoza nkhalambayo.

Kale Shakhtar inali kumbuyo kwa Dynamo Kyiv, ngakhale inatenga chikho cha Soviet Union mu 1961 ndi 1962, kenanso 1980 ndi 1983. Mu 1995 mkulu wa timuyi, Akhat Bragin, anaphedwa ndi bomba pa bwalo pomwepo. Rinat Akhmetov atalowa m'malo mwake anathira ndalama zankhaninkhani, ligi ya Ukraine inabwera koyamba mu 2002, ndipo mu 2004 kunafika mphunzitsi Mircea Lucescu amene anadzaza kutsogolo ndi anyamata a ku Brazil. Fernandinho ndi Willian, amene ambiri tinawadziwira ku England, anakhwimira kumeneko. Mu 2009 anagonjetsa Werder Bremen 2-1 ku Istanbul ndi kutenga UEFA Cup, zigoli za Luiz Adriano ndi Jadson.

Ena amati ndi timu ya ndalama basi. Ndalamazo zinalipodi, sindikana. Koma ndalama zomwezo zinamanga Donbass Arena, bwalo la anthu oposa 50,000 limene linatsegulidwa mu 2009 nkuchititsa masewera a Euro 2012, ndipo nkhondo itabuka mu 2014 bwalolo linangotsala gwa! Kuyambira chaka chimenecho sanaseweremonso. Anasamukira ku Lviv, mtunda woposa makilomita 1,000, kumene ambiri sankawakonda nkomwe. Kenako Kharkiv, kenako Kyiv. Russia italowa ndi asilikali mu 2022, masewera a Champions League ankakalandirira alendo kunja kwa dziko, ku Warsaw, Hamburg ndi Gelsenkirchen. Ali m'mavuto omwewo anakwapula Real Madrid kawiri mu 2020, ndi Barcelona 1-0 mu 2023.

Munthu wothawa nkhondo sitimuseka. Makolo athu ku Dedza ndi ku Nsanje analandira abale a ku Mozambique osawafunsa kuti bwanji mulibe kwanu. Shakhtar kwawo kulipo, anachita kuthamangitsidwako, ndipo amene akuseka zimenezi ndi anthu osaganiza. Ndikunena mosabisa.

Nanga mutani?

Musaisiye, achimwene. Valani jezi yanu ya olenji ndi yakudayo Lolemba kuntchito, ndipo akayamba zawozo muwafunse timu yawo ikanapirira zaka zingati ikusewera pa mabwalo a eni.